Wabwera kudzathandiza, nanga akumuphikira ndani?

  

Lero tiwoloka nyanja yaikulu ya Atlantic kupita ku Central America, dera lopapatiza lolumikiza North America ndi South America. Kumeneko kuli mayiko a mapiri monga Honduras, Nicaragua ndi Guatemala, kumene anthu ambiri amayankhula Chisipanishi, ndipo chakudya cha tsiku ndi tsiku ndi chimanga ndi nyemba. Sukulu za ku United States zikatsekera mu June, m'midzi ina ya kumeneko mumatulukira anyamata ndi atsikana atabereka zikwama zikuluzikulu. Ena ndi a ku sekondale, ena a ku koleji. Abwera kudzagwira ntchito yongodzipereka, ndipo sakagona ku hotela ayi. Agona m'nyumba za eni mudzi, adya zimene eni mudzi akudya, kwa mwezi umodzi kapena iwiri.

Nkhani za maulendo oterewa timazimva kawirikawiri kuchokera pakamwa pa ophunzirawo. Akabwerera kwawo amaonetsa zithunzi kutchalitchi ndi kusukulu: ichi ndi chimbudzi chimene tinamanga, iyi ndi mitengo tinabzala, awa ndi ana tinkawaphunzitsa. Zonsezo n'zoona. Koma pali munthu wina amene pa zithunzipo amaoneka kamodzi kokha, ataima pakhomo. Ndi mayi a m'nyumba imene wophunzirayo ankagona. Funso lathu lero likukhudza mayi amenewa. Wophunzira wabwera kudzathandiza, chabwino, nanga iyeyo akumuthandiza ndani? Akumuphikira ndani, akumutungira madzi ndani, akadwala usiku akudzuka ndani?

Tiyamba ndi kumene mchitidwewu unachokera. Kenako tilowa m'nyumba ya kumudzi ku Honduras kukaona mmene tsiku limayendera pakakhala mlendo. Tikatuluka mmenemo timva anthu awiri amene anawaunika maulendowa mosapsatira, ndipo chakumapeto tiona pamene nkhaniyi ikutikhudza ife kuno kwathu.

Mu 1932 mkulu wina wa ku United States, a Donald Watt, anatenga gulu la anyamata kupita nalo ku Ulaya. Mabala a nkhondo yoyamba ya dziko lonse anali asanapole, ndipo a Watt ankakhulupirira kuti achinyamata a mayiko osiyana akadziwana bwino, sangadzalozane mfuti. Anawasonkhanitsa pamsasa umodzi ndi anzawo a mayiko ena. Zimene anaona sizinawakhutiritse, chifukwa aliyense ankangokangamira a kwawo, n'kumacheza m'chiyankhulo cha kwawo. Chaka chotsatira anasintha njira. Anayamba kuika mwana aliyense m'banja la eni dziko, kuti akafuna madzi akumwa, awapemphe m'chiyankhulo cha m'nyumbamo. Bungwe limene anayambitsa, The Experiment in International Living, lilipo mpaka lero. Mmodzi mwa anyamata amene anayenda nalo m'zaka zoyambirirazo anali Sargent Shriver, yemwe mu 1961 alamu ake, Pulezidenti John F. Kennedy, anamusankha kukhala mkulu woyamba wa bungwe la mavolontiya la Peace Corps.

Onani kuti ana a a Watt sankapita kukathandiza munthu. Ankapita kukakhala, kukadya ndi kukaphunzira. Zogwira ntchito zinadza pambuyo. Mu 1958 m'busa wachikuda wa ku Harlem mumzinda wa New York, a James Robinson, anayambitsa Operation Crossroads Africa, imene inkatumiza ophunzira ku Africa kukamanga sukulu ndi zipatala limodzi ndi achinyamata a kuno.

Koma chitsanzo chimene tikhalepo kwambiri ndi cha 1965. Chaka chimenecho a Guy Bevil, m'busa woyang'anira achinyamata pa tchalitchi china cha Baptist mumzinda wa Houston ku Texas, anatsogolera anthu oposa 200, ambiri mwa iwo ana a sekondale, kupita kumidzi ya ku Honduras kukapereka katemera wa poliyo ndi matenda ena. Anayenda pa malole, pa abulu ndi pansi, kufika kumidzi imene inali kutali ndi chipatala chilichonse. Pa ulendo umenewu panabadwa bungwe lotchedwa Amigos de las Américas, limene kuyambira pamenepo latumiza achinyamata zikwizikwi ku Honduras, Nicaragua, Costa Rica, Mexico, Ecuador, Paraguay, Dominican Republic ndi mayiko ena.

M'zaka zoyambirirazo ana a zaka 16 ndi 17 ankabaya anthu jakisoni ataphunzira kwa miyezi yochepa chabe. Lero palibe unduna wa zaumoyo umene ungavomere zimenezo, ndipo n'zoyenera kutero. Tisaiwalenso kuti poliyo anatha ku America konse chifukwa cha makampeni a maboma ndi anamwino a m'mayiko momwemo: wodwala womaliza anapezeka ku Peru mu 1991, ndipo mu 1994 deralo linalengezedwa kuti lathana nawo matendawa. Ntchito ya katemera itabwerera kwa eni ake, ophunzira aja anatembenukira ku zina: kumanga zimbudzi, kubaya agalu katemera wa chiwewe, kuphunzitsa ana kutsuka mano, kubzala mitengo, kumanga mbaula. Ntchito yakhala ikusintha chonchi, koma kwa zaka zambiri chinthu chimodzi sichinasinthe. Wophunzira ankagona m'nyumba ya munthu.

Tsopano tiyeni tilowe m'nyumbamo.

Ophunzira safika chigulu m'mudzi umodzi. Amawagawa awiriawiri kapena atatuatatu. Asanafike, woyang'anira wawo, amene kawirikawiri ndi wophunzira wa ku koleji yemwe anayendapo kale ulendo wotere, amakhala atazungulira m'midzimo kukambirana ndi komiti ya mudzi, aphunzitsi ndi azaumoyo, kufunafuna mabanja ovomera kusunga mlendo. Banja likavomera, limayamba kusuntha katundu. Nyumba zambiri za kumapiri ndi za zidina, zofolera ndi malata kapena matailosi a dothi, za zipinda ziwiri kapena zitatu. Kuti mlendo apeze pogona, ana amakaunjikana kuchipinda cha makolo, kapena amatchinga ngodya imodzi ndi nsalu. Wophunzira amayala kabedi kake kopinda, n'kumanga neti. Netiyo si ya udzudzu wokha. M'ming'alu ya makoma a dothi mumabisala kachirombo koyamwa magazi usiku, kamene kamafalitsa matenda a Chagas, omwe amatha kuwononga mtima wa munthu patapita zaka zambiri.

Mlendo adakali mtulo, mayi a pakhomo amakhala atadzuka kale. Chimanga cha kumeneko sachisinja n'kuchisandutsa ufa wouma. Madzulo amachiwiritsa m'madzi othira laimu, n'kuchisiya kuti chigone momwemo. M'bandakucha amachitsuka mpaka makoko atachoka, n'kupita nacho kuchigayo chidakali chonyowa, kapena kuchipera pamanja. Chimatuluka chili chofewa chogwirana, ndipo amachiumba timikate topyapyala tozungulira totchedwa tortilla, n'kumatiwotcha pa chiwaya kamodzikamodzi. Munthu wamkulu wochokera kumunda amadya tambiri pa chakudya chimodzi, ndiye ganizirani banja la anthu asanu ndi awiri, katatu pa tsiku.  

Pa ntchito yonseyi tsopano pawonjezeka pakamwa pena. Ndipo taonani nthawi yake. Alimi a kumeneko amabzala mu May mvula ikayamba, n'kudzakolola chakumapeto kwa August ndi mu September. Choncho June ndi July, miyezi imene ophunzira a ku United States ali pa tchuthi, ndi miyezi imene nkhokwe zapepuka ndipo chimanga chakwera mtengo pamsika. Tinganene kuti ndiye January ndi February wa kumeneko. Mlendo amafika nthawi imene eni nyumba akuyeza chakudya ndi diso.

Mabungwe amaidziwa nkhaniyi, ndipo amaisamalira mosiyanasiyana. Ena amapereka kangachepe kwa banja losunga mlendo. Ena amati malo ogona ndi chakudya ndi gawo limene mudzi ukusonkha pa ntchitoyo. Njira imene inazolowereka m'midzi yambiri ndi yodyera mozungulira: kadzutsa nyumba iyi, nkhomaliro nyumba ina, mgonero kwina, kuti mtolo usagwere banja limodzi. Njirayi ili ndi ubwino wake, chifukwa pakutha pa milungu iwiri wophunzira amakhala atalowa pafupifupi khomo lililonse. Koma aliyense amene analandirapo mlendo akudziwa zimene zimachitika tsiku lake likafika. Dzira limene likanagulitsidwa limakazingidwa. Nkhuku imene imasungidwira tsiku la chikondwerero imafa msanga. Mlendo amadya n'kuthokoza, osadziwa kuti ana a m'nyumbamo adya nyemba zokhazokha kuseri.

Nanga wophunzirayo akutani nthawi yonseyi? Mlungu woyamba amakhala ngati mwana wongoyamba kuyenda. Chisipanishi chimene anaphunzira m'kalasi sichifanana ndi cha agogo a kumapiri, omeza mawu ndi kuyankhula mothamanga. Sadziwa kusamba ndi ndowa imodzi. Sadziwa kuchapa pa mwala wa simenti umene nyumba zambiri zili nawo pambali pa thanki ya madzi, ndipo akayesa kuumba tortilla imatuluka yokhota, nyumba yonse n'kufa nacho chiseko. Amene amamuphunzitsa mawu ndi ana, poti iwo satopa kubwereza ndipo sachita manyazi kumuseka. Amene amamuuza galu woluma, njira yoterera, munthu woyenera kumupatsa moni woyamba, ndi mayi a pakhomo.

Ndiye pali kudwala. Ngakhale amawalangiza kuthira mankhwala m'madzi akumwa, ambiri sathawa kutsegula m'mimba, ndipo nyengo ya mvula ndi nyengonso ya matenda a dengue. Woyang'anira uja amabwera kamodzi pa mlungu, n'kugona usiku umodzi, n'kupita kumudzi wina. Masiku ena onsewo, mwana wa eni ake akatentha thupi pakati pa usiku, amene amayatsa nyali, kuwiritsa madzi, kutuma mnyamata kukagogoda kwa mwini galimoto, ndi banja lija. Ndipo mantha ake ndi aakulu, chifukwa mwana wa mnzako ndi wako yemwe, koma uyu makolo ake ali kutali, ndi anthu amene mayiwo sanawaonepo. Bungwe la Amigos lili ndi malamulo okhwima: osamwa mowa, osachita zibwenzi, osayendetsa galimoto kapena njinga yamoto, osatuluka m'mudzi popanda chilolezo. Olemba malamulowo ali ku Houston. Amene amaona tsiku ndi tsiku ngati wophunzirayo wabwera dzuwa lisanalowe ali pakhomopo.

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za ophunzira amene amapita kunja kukagwira ntchito yongodzipereka n'kumagona m'mabanja a kumudzi, ndipo tikuti: pa maulendo amenewa, ntchito yaikulu imene siwerengedwa ndi ya banja losunga mlendo. Tsopano timve anthu awiri amene anafunsa ngati maulendowa ali ndi phindu.

Woyamba ndi Bambo Ivan Illich, wansembe wa Katolika wobadwira ku Vienna, amene anatumikira pakati pa anthu a ku Puerto Rico mumzinda wa New York, kenako n'kukatsegula malo ophunzitsira Chisipanishi ku Cuernavaca m'dziko la Mexico. Mu April 1968 anawaitana kukayankhula kwa gulu la ophunzira amene ankakonzekera kukathandiza kumidzi ya ku Mexico. Oitanawo ankadziwa kuti Bambo Illich si munthu wonyengerera, koma zimene anamva zinaposa muyeso. Anawauza ophunzirawo kuti asapite. Anati munthu amene sangathe kucheza bwinobwino ndi mlimi m'chiyankhulo chake sangadziwe ngakhale kuwononga kumene akuwononga, ndipo palibe amene angamuuze. Anati chimene achinyamatawo amanyamula, afune asafune, ndi chithunzi cha moyo wa ku America, chimene chimasiya ana a m'mudzi akuona kwawo ngati kosakwanira. Anawalola kubwera kudzaona dziko ndi kudzaphunzira, koma osati kudzathandiza.

Mawu amenewa anawawa, ndipo mpaka lero mabungwe ndi mayunivesite ambiri amawerengetsa ophunzira awo zimene Bambo Illich ananena asanakwere ndege. Pali chodabwitsa pamenepa: amawerenga, amakambirana, amavomereza kuti wansembeyo anali ndi mfundo, kenako n'kunyamuka ndithu.

Wachiwiri anabwera ndi kafukufuku. Chakumapeto kwa October 1998, namondwe wotchedwa Mitch anagwa pa Central America. Ku Honduras kokha anapha anthu pafupifupi 7,000, n'kukokolola milatho, minda ndi nyumba zosawerengeka. Magulu a matchalitchi ochokera ku United States ndi Canada anakhamukira kumeneko kukamanga nyumba, gulu lililonse mlungu umodzi kapena iwiri. Patapita zaka, a Kurt Ver Beek, mphunzitsi wa ku Calvin College ku Michigan amene akhala ku Honduras nthawi yaitali, anatsatira nkhaniyi. Anacheza ndi mabanja amene nyumba zawo zinamangidwa ndi alendo, ndi mabanja amene nyumba zawo zinamangidwa ndi mabungwe a ku Honduras komweko, ndiponso anafunsa alendowo. Zotsatira zake zinatuluka mu 2006.

Anapeza kuti pa moyo wa mabanjawo panalibe kusiyana kwenikweni, kaya nyumba anamanga ndi alendo, kaya ndi amisiri a komweko. Kusiyana kunali pa ndalama. Mukaphatikiza matikiti a ndege, chakudya ndi zoyendera, nyumba imodzi yomangidwa ndi alendo inadya ndalama zokwanira kumangira nyumba zoposa 10. Mvetsetsani bwino pamenepa: nyumba imodzi m'malo mwa nyumba zoposa 10. Alendowo ankanena kuti ulendowo unawasintha mtima ndipo tsopano akupereka zambiri zothandizira osauka, koma a Ver Beek atayang'ana m'mabuku a zopereka, anapeza kuti kusinthako kunali kochepa kwambiri. Ndipo ochepa okha ndi amene anapitiriza kulemberana ndi mabanja aja.

Tinene mwachilungamo kuti magulu amene a Ver Beek anawafufuza sanali ofanana ndi ophunzira ogona m'mudzi miyezi iwiri. Anali a masiku ochepa. Koma phunziro lake likugwira onse. Ngati cholinga ndi khoma loongoka, mmisiri wa m'mudzimo amanga bwino, msanga, ndi motchipa kuposa mwana wa sekondale amene sanagwirepo chipande cha simenti. Chimene ndege ingabweretse chomwe ndalama yotumizidwa singabweretse ndi kudziwana kwa anthu. Ndipo kudziwanako kumachitikira kuti? Kukhitchini kuja, kumene mayi akuphunzitsa mlendo kutembenuza tortilla osapsa zala. Pamenepa mpamene kugona m'mudzi kumaposa kugona ku hotela. Koma pamenepanso mpamene tiyenera kuvomereza kuti mphunzitsi wamkulu pa ulendowu si amene wakwera ndege.

Khitchini yomweyo ili ndi nkhani ina yotiphunzitsa, ya mbaula. Amayi a ku Central America amaphika ndi nkhuni, nthawi zambiri m'kati mwa nyumba, ndipo utsi umadetsa denga, kuwawitsa maso ndi kudwalitsa chifuwa. M'zaka za m'ma 1970 ku Guatemala kunatchuka mbaula ya dothi ndi mchenga yotchedwa Lorena, ndipo mavolontiya ambiri anaphunzira kuimanga n'kumaifalitsa. Chumuni chake chinkatulutsadi utsi panja. Koma ataiyeza bwino pambuyo pake, anapeza kuti makoma ake ochindikala ankameza kutentha kwambiri, moti nkhuni sizinkapulumuka monga ankalonjezera.

Namondwe Mitch atadutsa, akatswiri a mbaula ochokera ku United States, mogwirizana ndi bungwe la ku Honduras lotchedwa AHDESA, anayesanso ku Suyapa, m'mbali mwa mzinda wa Tegucigalpa. Ulendo uno anakhala pansi ndi amayi ophikawo. Akatswiri anabwera ndi luso la malo oyakira moto ang'ono, otchingidwa ndi phulusa kuti kutentha kusathawe. Amayi anaumirira zimene iwo ankadziwa: pamwamba pakhale chiwaya chachikulu chafulati chokwana tortilla zambiri ndi mapoto nthawi imodzi, apo ayi mbaulayo ingokhala chokongoletsa. Mbaula imene inatuluka anaitcha Justa, dzina la Mayi Justa Núñez, mmodzi mwa atsogoleri a amayiwo, ndipo mbaula za mtundu umenewu zamangidwa m'makomo zikwizikwi ku Honduras ndi mayiko oyandikana nawo. Kawirikawiri dzina limene limatsala pa chitukuko ndi la wopereka ndalama. Apa linatsala la wophika.

Akuluakulu amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ku Suyapa alendo anabweradi nako. Koma pometa pake anaonetsa ndi eni mutu.

Mabungwe otumiza ophunzira aphunzirapo kanthu pa zonsezi. A Amigos de las Américas anasiya kufika ndi ntchito yokonzeratu. M'malo mwake wophunzira amayamba ndi kumvetsera: amakhala pa misonkhano ndi achinyamata a m'mudzimo, mudzi n'kusankha wokha chimene ukufuna, kaya ndi kukonza bwalo la mpira, kaya thanki ya madzi pasukulu, kaya dimba. Ndalama imene bungwe limaikapo ndi yochepa dala, kuti mudzi usonkhe mchenga, miyala ndi manja, ndipo chinthucho chikhale chawo. Bungweli linayambanso kutenga achinyamata a ku Latin America komweko kukhala mavolontiya ndi oyang'anira.

Komabe pali kupendekeka kumene sikunathe. Ulendo wotere umadya madola masauzande angapo, amene makolo amalipira kapena ana amasonkhetsa pogulitsa zipatso, khofi ndi maluwa. Wophunzira akabwerera, ulendowo umamuthandiza pofunsira malo ku yunivesite ndi pofuna ntchito, ndipo ambiri amadzakhala madokotala, aphunzitsi ndi akazembe oyankhula Chisipanishi chosalala. Nanga mnyamata wa m'nyumba ija, amene anamusiyira chipinda chake, n'kumamuperekeza tsiku lililonse? Iye akafuna kukaona kwawo kwa mnzakeyo, ayenera kukapempha viza ku ofesi ya kazembe ku Tegucigalpa, ndipo mwana wa mlimi wopanda malo olembetsa kapena ndalama kubanki mwayi wake ndi wochepa zedi. Khomo limatsegukira mbali imodzi. Facebook ndi WhatsApp zathandiza kuti anthu asatayane monga kale, koma kuonana pa foni si kubweza ulendo.

Ena anayesa kuwongola zimenezi. Ku Canada, bungwe la Canada World Youth, limene a Jacques Hébert anayambitsa mu 1971, linkaphatikiza wachinyamata wa ku Canada ndi mnzake wa dziko lina, awiriwo n'kukhala m'banja limodzi miyezi itatu ku Canada, miyezi ina itatu kwawo kwa mnzakeyo. Aliyense ankalawa kukhala mlendo, aliyense ankalawanso kukhala mwini dziko.

Tafika tsopano kuno kwathu, poti nkhaniyi si yachilendo kwa ambiri a inu. Mavolontiya a Peace Corps anayamba kufika m'dziko muno la Malawi mu 1963, dziko lisanalandire ufulu, ndipo m'zaka zapitazi akhala akuyamba ntchito yawo ndi milungu ingapo yokhala m'mabanja a kumudzi, monga m'midzi ina ya ku Dedza, kuphunzira chiyankhulo, kuphika nsima ndi kupereka moni mwaulemu. Kuyambira mu 2011 mpaka mliri wa Covid-19 utavuta mu 2020, boma la Britain linkalipirira pulogalamu ya International Citizen Service, imene inkatumiza achinyamata a zaka 18 mpaka 25 kwa miyezi pafupifupi itatu, ndipo Malawi linali limodzi mwa mayiko owalandira. Mmenemo wachinyamata wa ku Britain ankagona nyumba imodzi ndi wachinyamata wa ku Malawi, onse awiri ali alendo a banja limodzi. Palinso CorpsAfrica, imene inayambitsidwa ndi mayi wina yemwe anatumikirapo mu Peace Corps ku Morocco. Iyo imatumiza achinyamata a mu Africa, kuphatikizapo a ku Malawi, kukakhala kumidzi ya m'dziko lawo lomwe. Ndipo mwana wokulira ku Area 47 kapena ku Namiwawa akafika kumudzi wakutali, nayenso amafuna womuonetsa chitsime.

Choncho pakati pa inu amene mukumvera pali amayi ndi abambo amene munasungapo mlendo wotere. Munamupatsa dzina la pamudzi, munamuphunzitsa kutema nsima, munagona tulo tochepa tsiku limene anadwala malungo. Inuyo ndi amene mukudziwa zimene malipoti a mabungwe salemba.

Ndiye madzulo ano, mukamadya, takambiranani pakhomopo. Pamene a bungwe anabwera kudzapempha malo, anafunsa bambo okha, kapena anafunsanso amene ankayenera kuphika? Zimene anapereka zinakwanira pa sopo, nkhuni ndi ndiwo, kapena munangoonjezera mwakachetechete poopa manyazi? Ntchito imene mlendoyo anagwira anasankha ndani, ndipo ikugwirabe ntchito lero? Ndipo inu achinyamata amene mukulakalaka ulendo wotere, kaya wa kunja kaya wa m'dziko momwe muno, mukadzafika pakhomo pa eni ake, mudzafunse kuti pa bedi mwapatsidwalo pamagona ndani, ndipo iyeyo agona kuti.